Katuni inandidzazira kalasi, koma mtima wa mbuzi ndi umene unamalizitsa phunziro

Lachisanu lililonse buleki ikangotha, kalasi yanga ya Sitandade 8 inkachepa ngati ufa wa mu Febuluwale. Mabenchi a kumbuyo ankangotsala ndi majumbo a makope, eni ake atalowera kumsika. Pamsikapo panali chisakasa chotchinga ndi mphasa ndi mapepala akuda, jenereta ikulira kuseri, m'kati akuonetsa mafilimu a nkhonya, aja omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni amene munthu mmodzi amalankhulira aliyense wa mufilimu, mfumu, mbava ngakhale galu. Sayansi inali piriyodi yotsatira buleki, ndiye amene ankaluza pa mpikisano umenewu ndinali ine.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza, ndipo ndikulemba izi chifukwa anzanga angapo akhala akundifunsa ngati makatuni amathandizadi pophunzitsa sayansi. Yankho langa silikwana mu uthenga umodzi wa pa WhatsApp.

Chimene chinandiyambitsa ndi mnyamata wina wamtali wokhala pakona. Lolemba lina m'mawa ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, anzake atamuzungulira, akuwafotokozera filimu ya Lachisanu. Sanaphonye kanthu. Ankadziwa amene anayamba kumenya mnzake, chifukwa chake, chimene chinachitika pa mlatho, mpaka mawu a womasulira uja ankawatengera ndendende. Ola limodzi pambuyo pake ndinamufunsa m'kalasi kuti mtima wa munthu uli ndi zipinda zingati, chinthu chimene ndinali nditajambula pa bolodi kanayi konse. Anaimirira, n'kuyang'ana kudenga, n'kunena kuti, "Ndaiwala, Madamu." Ndinapita kunyumba nkhaniyi ikundivuta. Mwana woloweza filimu ya maola awiri ataionera kamodzi sungamunene kuti ndi wouma mutu.

Amene mumaphunzitsa makalasi akuluakulu mukudziwa mtolo umene ana athu amasenza. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira m'Chichewa, akafika Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi. Ndiye mwana akumana ndi mawu ngati ventricle ndi artery, chilankhulo chachilendo, chinthu chakenso chosaoneka chifukwa chili m'kati mwa chifuwa. Ine ndinkajambula mtima ndi choko choyera, muvi wina kuloza uku, wina uko, n'kumati magazi akuyenda. Pa bolodipo panalibe chimene chinkayenda. Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndipo ndimaikhulupirira, koma pa mutu umenewu nzeru zinandithera.

Mu 2022 alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi kapulojekita kakang'ono, kofanana ndi theka la njerwa, kokhala ndi batire m'kati. Iwo anagulira ana awo, koma nditawadandaulira anandibwereka. Ndinapita ku boma kumene netiweki imagwira bwino, ndinagula bandulo, n'kutsitsa pa YouTube katuni ya mphindi 11 yonena za kayendedwe ka magazi.

Lachisanu loyamba sindidzaliiwala. Atsikana anabweretsa zitenje totchingira mawindo, ine ndinakhomera nsalu yoyera ya pabedi pamwamba pa bolodi. Palibe anathawa. Ana a makalasi ena anaunjikana panja kusuzumira m'mipata ya zitenje mpaka ahedi anabwera ndi kandodo kudzawabalalitsa, kenako iwonso anaima pakhomo osachoka. Pa nsalupo maselo ofiira a magazi anali ndi maso ndi miyendo, atabereka okosijeni m'tizikwama, akuthamanga m'mitsempha ngati minibasi, wina n'kuterereka n'kugwa chagada. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Itatha anakuwa kuti ndibwereze, ndinabwereza. Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndakwezedwa pantchito.

Ndinachita zimenezi milungu itatu. Vuto la kuthawa linatheratu, ndipo ana ankandithamangira m'njira kufunsa kuti sabata ino tionera chiyani. Kenako ndinapereka mayeso aafupi, ndipo usiku umenewo ndikuchonga pa nyali ya sola, mtima unandigwa. Malikisi anali omwe aja a kale. Choposa apo, panatuluka yankho lachilendo limene sindinalionepo zaka zonse zimene ndinkaphunzitsa ndi choko chokha. Ana ambiri analemba kuti magazi obwerera ku mtima ndi a buluu.

M'mawa ndinafunsa kuti zimenezi anazitenga kuti. Mtsikana wina wanzeru, amene nthawi zambiri amakhala nambala wani, anabwera kutsogolo n'kutambasula mkono wake, chala chili pa mtsempha wa pafupi ndi chikhatho. "Madamu, nanga si uwu? Onani mtundu wake. Ndipo mu katuni muja anaonetsa choncho." Sanali kunama. Katuniyo inapaka magazi a mbali ina ofiira, a mbali ina a buluu, monga amachitira ojambula ambiri pofuna kusiyanitsa magazi odzaza okosijeni ndi amene apereka kale okosijeni wawo m'thupi. Zoona zake n'zakuti magazi onse ndi ofiira, kungoti odzaza okosijeni amafiira mowala pamene obwerera aja amafiira moderako. Mtsempha umaoneka mobiriwira chifukwa cha mmene kuwala kumadutsira pa khungu. Ine ndinkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mtundu wa buluu uja sindinauone ngati nkhani. Ana anauona ngati umboni.

Nditafunsa mnyamata wa pakona uja, anandifotokozera katuni yonse: selo limene linagwa, nyimbo imene ankaimba, nkhope ya kachilombo koipa. Njira imene magazi amadzera kuchoka ku mtima kupita ku mapapo n'kubwerera, imene inali phunziro lenilenilo, sanaigwire. Wolankhula mu katuniyo anali ndi Chingerezi cha ku America chothamanga, choti ngakhale ine ndinkachita kutchera khutu. Ana anangoonera zithunzi n'kudzipangira nkhani yawo. Ndinazindikira kuti ndinangosamutsa vidiyo sho kuchoka kumsika kubwera m'kalasi, ndipo yanga inali yaulere.

Ndinatsala pang'ono kubweza kapulojekita kaja. Chinandiletsa n'chakuti chidwi chimene chinabwera chinali chenicheni, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kuti chidwi cha mwana wa zaka 14 sichitoledwa panjira. Ndiye ndinaganiza zobera nzeru kwa adani anga a kumsika aja. Iwo ankakopa ana osati ndi zithunzi zokha, koma ndi womasulira wolankhula chilankhulo chawo. Sabata yotsatira ndinazimitsa mawu a katuniyo, womasulira n'kukhala ine. Ndinkafotokoza m'Chichewa, ndikafika pa liwu lofunika pa mayeso ndinkalitchula m'Chingerezi, kuliloza pa nsalu, kuwauza alibwereze, n'kulilemba pambali pa bolodi. Mayeso a MANEB a sayansi amabwera m'Chingerezi, choncho mawu amenewo sungawathawe, koma mwana amaligwira msanga liwu akaona kaye chinthu chake chikugwira ntchito.

Ndinasiyanso kuonetsa katuni yonse mwakamodzi. Piriyodi yathu ndi ya mphindi 35, ndipo tsopano katuni siitenga zoposa zinayi kapena zisanu, zoduladula. Ndisanayatse ndimafunsa funso, aliyense alembe chimene akuganiza. Ndimaonetsa mphindi imodzi, n'kuimitsa chithunzi pakati. "Magazi awa ali pano. Akatuluka apita kuti?" Amakangana awiriawiri, ena amaloza kumutu, ena ku mapapo, kenako ndimapitiriza kuti aone yekha amene walondola. Phokoso limene limabuka pamenepo ndi losiyana ndi phwete la tsiku loyamba lija. Patapita nthawi, mnzanga wina pa msonkhano wa ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera limodzi timakumana kudzasulana, anandiuza za Richard Mayer, katswiri wa ku California amene wafufuza kwa zaka zambiri mmene anthu amaphunzirira ndi zithunzi ndi mawu. Zina mwa zimene anapeza n'zakuti phunziro lodulidwa m'zigawo zing'onozing'ono limagwirika bwino, ndipo zokometsera zosakhudza phunzirolo zimabera mwana maganizo. Ndinaseka ndekha, poti ine ndinazimva kudzera m'makope 80 ochongedwa ndi bolopeni yofiira.

Pa nkhani ya buluu ija ndinayambitsa kamasewera kamene ana amakakonda mpaka lero. Katuni ikatha ndimafunsa kuti, "Wojambula wanama pati?" Amatchula okha: maselo alibe maso, sabereka zikwama, magazi si a buluu, mtima sufanana ndi uja amajambula pa makalata achikondi. Kenako funso lachiwiri, lovutirapo: wanamiranji? Pamenepo ndi pamene mwana amazindikira kuti chithunzi ndi fanizo chabe, munthu wina anachita kusankha choti aonetse ndi choti abise.

Koma tsiku limene phunziro la mtima linakhazikika silinali la pulojekita. Tsiku la msika ndinalawirira kwa bambo wina wopha mbuzi, n'kumupempha andisungire mitima iwiri, asaidule, asachotsenso mitsempha ya pamwamba. Anandiyang'ana mokayika. "Aphunzitsi, mwayamba zamankhwala kodi?" Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo wachiwiriwo anandipatsa ulere. Ndinaika mitimayo m'beseni, n'kutulutsa kalasi yonse panja pansi pa mtengo, popeza m'kati ana 80 sangaone chinthu cha m'manja.

Ndinadula umodzi ndi mpeni wa kukhitchini kuchokera pamwamba kutsika. Zipinda zinayi zinaonekera, ziwiri zing'onozing'ono pamwamba, ziwiri zazikulu pansi. Ndinapempha mtsikana wa mkono uja kuti agwire khoma la chipinda cha pansi cha kumanzere, kenako cha kumanja. Poyamba ananyansidwa, anzake akumuseka, koma atagwira anakweza mutu. "Ili ndi lochindikala kwambiri." Ndinafunsa chifukwa chake. Panali zii kwa kanthawi, kenako liwu linachokera kumbuyo, la mnyamata wa pakona. "Mu katuni muja mbali imeneyo imaponya magazi mpaka kuphazi. Inayo imangofikitsa pa mapapo pompa." Ndinangoti kukamwa yasa. Katuni imene ndinkayesa kuti anangotolamo nthabwala inali m'mutu mwake, imangodikira chinthu chogwirika choti ikakamire.

Tinalowetsa phesi la udzu mu mtsempha waukulu kuti tione chipinda chimene ukutulukira. Tinaona tizingwe toyera togwira zitseko za pakati pa zipinda, zimene zimaletsa magazi kubwerera kumene achokera. Magazi otsalira m'beseni anali ofiira moderako, ndipo wina anafuula kuti, "Buluu uja ali kuti?" Mafunso anayamba kugwa ngati matalala. Nanga nkhuku? Zipinda zinayi. Nanga chambo? Ziwiri zokha. Ndinawauza kuti munthu amene anafotokoza bwino za kuzungulira kwa magazi, William Harvey wa ku England, anasindikiza zimenezi mu 1628 popanda vidiyo, atachita kutumbula nyama ngati mmene tinkachitira ifeyo. Pomaliza aliyense anagwira pamkono pake n'kuwerenga kugunda kwa theka la mphindi, kuchulukitsa ndi 2, kuthamanga kuzungulira bwalo la mpira, n'kuwerenganso. Munthu wamkulu akakhala phee mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndiye kunali kufananiza ndi kutsutsana mpaka belu linalira. Mitima ija ndinakaphika madzulo, musandifunse zambiri.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kusankha mitu yofunika katuni, ndipo ndi yochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinachita manyazi tsiku lina nditaonetsa ana a alimi katuni ya kamere ka mbewu. Mwana wina anakweza dzanja mwaulemu n'kunena kuti, "Madamu, chimanga sichimera choncho, imeneyo ndi nyemba." Ankanena zoona: nyemba imatulutsa zigamphu zake ziwiri pamwamba pa dothi, pamene njere ya chimanga imatsalira pansi. Iye anaziona m'munda chaka ndi chaka. Katuni ina ya nyengo inali ndi chipale chofewa ndi mitengo yoyoyoka masamba ofiira, zinthu za ku Ulaya, osatchulako dzinja lathu kapena chilimwe. Za nthunzi ndi mvula, ketulo pa mbaula ndi chivindikiro chozizira zimagwira ntchito kuposa kadontho ka madzi komwetulira. Chimene mwana angachigwire, achigwire. Katuni ndimaisungira zimene diso silingafike, zazing'ono kwambiri, za m'kati mwa thupi, kapena zochitika pang'onopang'ono moti sungakhale pansi n'kumazidikira.

Pa malungo ndiye inandithandiza koposa. Ana onse anadwalapo malungo, onse amadziwa kuyimba kuti amabwera ndi udzudzu, koma ukawafunsitsa ena ankati amayambanso ukanyowa ndi mvula kapena ukadya nzimbe zosakhwima. Katuni ya mphindi zitatu inaonetsa udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukuluma, tizilombo tikulowa m'magazi, kupita kaye ku chiwindi kukachulukana mwakachetechete, kenako kulowa m'maselo ofiira mpaka maselowo kuphulika. Ndinaimitsa pamenepo n'kufunsa kuti munthu amamva bwanji nthawi imeneyo. "Ndi pamene umanjenjemera!" Anamvetsanso chifukwa chake munthu sadwala tsiku lomwelo walumidwa, ndiponso chifukwa chake a chipatala amaumirira kuti umalize mankhwala ngakhale wayamba kupeza bwino.

Katuni yomweyo inandipulumutsa pa mlandu. Bambo wina anafika ku ofesi ya ahedi atakwiya, ati akumva kuti Madamu atsegula vidiyo sho pasukulu, ana akungoonera zidole mayeso ali pafupi. Sindinawaone olakwa, poti milungu itatu yoyamba ija zinalidi choncho. Ndinapempha kuti a komiti ya sukulu ndi makolo ofuna abwere adzakhale nawo m'phunziro. Anabwera ochepa, n'kukhala kumbuyo pa mabenchi a ana, maondo ali m'mwamba. Titamaliza, agogo ena aakazi amene amalera zidzukulu anafunsa kuti, "Ndiye tizilomboto timakagona m'chiwindi? Abale inu, ine ndimayesa timangoyandama m'magazimo." Bambo aja sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti atero, koma potuluka anandifunsa kuti batire ya kamakinako ndimatchajira kuti, n'kunena kuti kwawo kuli sola.

Kwa amene mukufuna kuyesa, zina ndi zazing'ono koma zimapweteka ukaziphonya. Katuni iliyonse muyionere nokha kunyumba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, cholembera chili m'manja, mukulemba mphindi zoimitsira ndi mabodza a wojambula. Musadalire intaneti m'kalasi. Tsitsiranitu pa foni kapena pa memore khadi, chifukwa netiweki imathawa nthawi imene mwaifunitsitsa, ndipo zotsatsa malonda zimene zimatulukira pakati si zonse zoyenera maso a ana. Nthawi ya dzinja mvula ikamagwa pa malata palibe sipika imene ingamveke, chimene ndi chifukwa china chozimitsira mawu n'kulankhula nokha mvula ikapumira. Kapulojekita kaja alamu atakatenga teremu ina, ndinagwiritsa ntchito foni yanga: gulu la ana khumi limabwera kutsogolo kudzaonera mphindi imodzi pamene ena akujambula m'makope, kenako kusinthana. Zimatopetsa, foni imabwerera ili ndi zala za thukuta, koma zimatheka. Ndipo musaisandutse katuni mphotho ya ana omvera kapena chokwapulira osamvera. Ndinayesapo kunena kuti mukapanga phokoso Lachisanu kulibe katuni, ndipo ndinangowatsimikizira kuti katuni ndi switi, phunziro ndi mankhwala owawa.

Sindinganame kuti onse anakhoza. Alipo amene anapitirizabe kuvutika, makamaka amene Chingerezi chinawasiya kalekale ku Sitandade 5, ndipo katuni singachize kusadziwa kuwerenga. Pano pulogalamu ya BEFIT ikufikitsa matabuleti m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 ophunzirira kuwerenga ndi masamu, ndiye ana amene azitipeza kutsogoloku adzakhala ozolowera kale zithunzi zoyenda. Ndikukayika ngati nsalu yanga ya pabedi idzawadabwitse ngati mmene inadabwitsira a 2022.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho, tikubwereza mitu pokonzekera mayeso, mawu anga anasasa ndi chimfine. Ndinayatsa katuni ya magazi ija, n'kupereka ndodo yolozera kwa mnyamata wa pakona kuti akhale womasulira. Anakonza kolala, n'kuyamba ndi mawu enieni a ku vidiyo sho: "Eee, taonani mkuluyu, wangochoka kumene ku mapapo, chikwama chili tho ndi okosijeni, akulowa mu left atrium mosagogoda!" Ana anagwa pansi ndi kuseka, koma ankatsatira. Atafika pa chipinda cha pansi anasokoneza, n'kutumiza magaziwo ku mapapo kachiwiri. Kalasi yonse inakuwa, "Wanama! Khoma lochindikala limenelo, akupita kuphazi!" Iye anaima, anayang'ana pa nsalu, n'kunena kuti, "Pepani anthu anga, dalaivala anasochera. Madamu, tabwezani pang'ono."